Nyanja Isakhale ya Alendo Okha

Mphunzitsi wa ku Chiradzulu amaphunzitsa ana za Nyanja ya Malawi chaka ndi chaka, koma ana ake obereka yekha sanaionepo ndi maso. Chifukwa chake nchodziwika. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti m'chaka cha 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chiyambire pamenepo mitengo ya zipinda m'mahotela akuluakulu a ku Mangochi ndi ku Salima yakwera kotero kuti banja likagonako masiku awiri, malipiro a mwezi wathunthu angathe kuthera pomwepo.

Nzoona kuti mafuta a galimoto, magetsi ndi zakudya nazonso zakwera. Komatu chipinda chogona mphepo sichipindulira mwini wake. Popeza Boma lakhala likulimbikitsa Amalawi kuyendera dziko lawo, nkoyenera kuti eni mahotela aike mtengo wotsika wa eni dziko pa miyezi imene alendo akunja amachepa.

Podikira zimenezi, makolo asasunge ana pakhomo nthawi ya tchuthi. Ku Mbombwe kuli Providence Industrial Mission, imene John Chilembwe anaikhazikitsa m'chaka cha 1900, ndipo ulendo wake ngwa tsiku limodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma mwana wa mphunzitsi ayeneranso kusambako m'nyanja imene bambo ake amaijambula pabolodi.