Mlendo Akakana Nsinjiro, Musamukakamize

M'maphunziro athu timatamanda mtedza, ndipo chifukwa chake chilipo. Mu 1992 ofufuza a pa Loma Linda University ku America anasonyeza kuti Aadventisti amene ankadya mtedza kawirikawiri sankagwidwa kwambiri ndi matenda a mtima. Mu 1993 anapezanso kuti mtedza wa walnut umatsitsa cholesterol m'magazi. Komabe mlimi amene amadyetsa anthu ayenera kudziwa kuti chakudya chomwechi chimawenga ena mpaka kuwapha.

Walnut timamuona m'masitolo akuluakulu, ndipo amene amawengedwa naye nthawi zambiri amawengedwanso ndi pecan. Koma ngozi yathu yeniyeni ili pafupi: cashew wa ku Mongu, ndiponso nsawa zimene timatendera m'chibwabwa, kusinja m'chiponde ndi kuthira m'chikanda. Kachidutswa kochepa n'kokwanira, ngakhale zotsalira pa mtondo kapena pa chipande. Kukazinga ndi kuphika sikuchotsa ngoziyo.

Ziwengo zoopsazi madokotala amazitcha anaphylaxis. Zimayamba msanga, kawirikawiri patangopita mphindi zochepa: khungu limatuluka zidzolo zoyabwa, milomo ndi lilime zimatupa, mawu amasasa, mpweya umabanika, munthu amasanza kapena kuchita chizungulire n'kugwa. Mbola ya njuchi imachitanso chimodzimodzi kwa ena, choncho oweta njuchi atchere khutu.

Zikatere, mankhwala oyamba ndi jekeseni wa adrenaline wobayidwa m'ntchafu. Piriton amachepetsa kuyabwa, koma satsegula kukhosi. Mkaka, makala ndi madzi a mchere zimangotayitsa nthawi. Mugonekeni wodwalayo chagada, miyendo itakwezedwa. Ngati akubanika, akhale tsonga, koma asaimirire kapena kuyenda. Pezani galimoto nthawi yomweyo, mupite naye ku chipatala cha ku Kafue ngakhale aoneke ngati wapezako bwino, pakuti vutoli limatha kubwereranso patapita maola angapo.

Mwambo wathu umati kukana chakudya n'kunyoza wophika. Pa nkhani iyi mwambowo ugonje. Munthu akanena kuti nsawa zimamuwenga, mukhulupirireni. Sakudzikuza, ndipo sadzazolowera pomudyetsa mobisa. Mukamaphikira msonkhano, nenani ndiwo zimene zili ndi nsinjiro. Mukamagulitsa buledi, makeke kapena phala pamsika, lembani pa pepala mtedza uliwonse umene mwaikamo. Fufuzaninso lero lomwe ngati kiliniki yapafupi ndi munda wanu imasunga adrenaline, ndi amene angakunyamuleni usiku.