Mbuzi imadya pomwe aimangirira: maulendo a ntchito m'makampani

Maulendo a ntchito ndi limodzi mwa mabowo aakulu amene ndalama za makampani ndi mabungwe a m'Malawi zimathawira, ndipo bowoli lakula kwambiri chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta a galimoto anakwera, malo ogona alendo anakweza mitengo, ndipo tikiti ya ndege, imene mtengo wake umalondola dola, inafika posagwirika. Mwezi womwewo Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mpaka Malichi 2024, nadula ndi theka mafuta amene nduna ndi akuluakulu ena ankalandira. M'makampani namo mumatuluka makalata oterowo zinthu zikathina. Koma kalata yoletsa imagwira miyezi iwiri kapena itatu, kenako magalimoto ayambanso kundondozana kulowera kunyanja. Akuluakulu anati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo pankhani iyi chingwe ndi malamulo a maulendo amene kampani inadzilembera yokha.

Malamulo ambiri amalipira munthu alawansi potengera masiku amene wagona kunja kwa mzinda umene amagwirako ntchito. Sayang'ana chimene wabweretsa. Zotsatira zake zimadziwika ndi aliyense amene anakhalapo mu ofesi. Anthu asanu ndi atatu amene zitseko za maofesi awo zinayang'anizana ku Lilongwe amanyamuka kukachitira msonkhano ku Mponela kapena ku Salima, ndipo a ku Blantyre amalowera ku Liwonde kapena ku Mangochi. Nkhani zotha tsiku limodzi zimatambasulidwa kuti zikwane masiku anayi, kuphatikizapo tsiku lofika ndi tsiku lobwerera. Wantchito amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati amaona alawansi ngati malipiro achiwiri, olipirira lendi ndi fizi ya ana, ndiye kumuuza kuti akane ulendo n'kumupempha chinthu chosatheka. Mlandu waukulu uli ndi amene anakhoma chikhomo pamalo pamenepo.

Kuunika bwino maulendo kumayambira m'mabuku a chaka chatha. Anayenda ndani, kangati, kupita kuti, zinadya ndalama zingati, ndipo kampani inapindulanji? Makampani ambiri sangayankhe mafunsowa, chifukwa ndalama za ulendo umodzi zimalembedwa m'mabuku atatu: mafuta ali kwa woyang'anira magalimoto, ma alawansi ali kwa akauntanti, matikiti a ndege ali kwa ogula katundu. Zonsezi zikaikidwa pa pepala limodzi, kawirikawiri zimaoneka kuti mayina ochepa omwewo ndiwo amabwerezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo si mayina a anthu amene amagulitsa katundu kapena kukonza makina.

Njira imodzi yosunthira chikhomo ndi yoti kampani izilipira yokha malo ogona ndi chakudya, wantchito n'kulandira kandalama kochepa ka zofunika zina. Mabungwe akunja othandiza dziko lino anaikonda njirayi m'zaka zotsatira Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, ndipo anthu oitanidwa kumisonkhano yawo anang'ung'udza kwambiri. Kung'ung'udzako kunali ndi chifukwa. Kuchotsa alawansi malipiro ali pomwepo n'kumangirira mbuzi pathanthwe, ndipo chimene chimabadwa ndi malisiti abodza ogulidwa kwa alembi a m'maloji. Ndalama zimene zapulumuka pa maulendo ziyenera kuoneka pa malipiro a pamwezi, makamaka a antchito apansi. Kampani imene siikufuna kuchita zimenezi isanamizire kuti ikukonza zinthu.

Pamsewu ndi pamene manyazi amatheratu. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ndipo panjira pali zipata ziwiri zolipiritsa, pa Kalinyeke ku Dedza ndi pa Chingeni. Komabe si zachilendo kuona mabwana anayi a kampani imodzi akupita kumsonkhano umodzi pa magalimoto anayi akuluakulu, aliyense ndi dalaivala wake, pamene mabasi abwino amayenda pakati pa mizinda iwiriyi tsiku ndi tsiku. Buku lolembamo makilomita a galimoto limadzazidwa kumapeto kwa mwezi mongoganizira. Ndipo munthu amene wanyamula miyoyo ya onsewo ndiye amalandira alawansi yochepetsetsa. Dalaivala amagona m'galimoto kunja kwa hotela kuti kandalamako akafike nako kunyumba, amadya chimanga chootcha m'mbali mwa msewu, kenako amauzidwa kuti ayendetse usiku pa msewu wa M1 chifukwa bwana akufuna kukagona kwawo. Malamulo a maulendo amene satchula malo ogona a dalaivala, maola amene angayendetse asanapume, ndi nthawi yoletsedwa kuyenda usiku, ndi malamulo osunga ndalama za mabwana okha. Ngozi imodzi imadya zonse zimene kampani inasunga pomana dalaivala chipinda.

Za ndege n'zachidule. Maulendo ambiri akutali amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo tikiti yogulidwa kutatsala masiku awiri imadula kuposa yogulidwa kutatsala mwezi. Dola imene bwana wanyamula popita kumsonkhano wongomvetsera ndi yomweyo imene fakitale ikuidikira kubanki kuti iitanitse zipangizo. M'chaka cha 2020, Covid-19 itatseka mabwalo a ndege, misonkhano inachitika pa Zoom ndipo ntchito sinaime.

Chovuta kwambiri n'chakuti amene amalemba malamulowa ndi omwenso amadya kwambiri. Ulendo wa kalaliki umasainidwa ndi anthu atatu, pamene wa mkulu wa kampani amauvomereza yekha. Maulendo a mabwana ayenera kuvomerezedwa ndi bodi, ndipo aliyense wobwera kuulendo, wamkulu kapena wamng'ono, azipereka lipoti ndi malisiti asanalandire ndalama za ulendo wina.

N'zoona kuti pali mbuzi zina zimene zimadula chingwe ngakhale zili pamsipu wabwino. Munthu wosaina alawansi ya ulendo umene sanapite waba, ndipo malipiro ochepa sangamuikire kumbuyo. N'zoonanso kuti maulendo ena ndiwo moyo wa kampani: mlangizi woyendera alimi a fodya ku Kasungu, makaniko wokakonza makina ku Karonga, wamalonda wokatolera ngongole ku Mzuzu. Chiletso chogwera onse mofanana chimayamba kupha maulendo amenewa, chifukwa eni ake alibe mawu kumisonkhano ya mabwana. N'chifukwa chake mitengo ya alawansi ya antchito a kumidzi iyenera kuunikidwa nthawi iliyonse mafuta ndi malo ogona zikakwera, kawiri pachaka ngati n'kotheka, kuti mlangizi wa ku Kasungu asamatenge m'thumba mwake ndalama yogwirira ntchito ya kampani.