Ndalama ya Cakudya Ikathera m'Botolo

Makolo anzanga, mwana akacoka kuno kwa Mfumu Luembe, nakwera basi pa Nyimba kukaoloka mlatho wa Luangwa kupita ku yunivesiti ku Lusaka, mudzi wonse umam'perekeza ndi nthungululu. Ena tinagulitsa mbuzi, ena mikoko ya nthoci, kuti apeze cikwama ndi nsapato. Koma ndani mwa ife anafunsapo kumene mwanayo amakhala madzulo a tsiku limene ndalama ya cakudya yalowa?

Ndalama imeneyi, imene ophunzira amaicha BC, boma linaiimitsa mu 2019 ndi kuibwezanso mu 2023. Tinayamika, pakuti m'mimba muli njala mutu sugwira. Tsono kwa ena ikangolowa, ulendo ndi wa ku mabala a ku Kalingalinga, pafupi ndi UNZA, ndipo ya mwezi wathunthu ikutha m'masiku owerengeka. Amaiwala kuti si mphatso ai. Ndi ngongole ya boma, yoyenera kubwezedwa, kaya munthu wapambana kaya walephera.

Mu 2012 boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala. Unasowa m'timapepala, nubwerera m'timabotolo, pamtengo woti wophunzira aukwanitsa.

Koma tisafulumire kuloza Lusaka cala. Mwana amene tinali kum'tuma kukagula kacasu ali ndi zaka 8, amene anaona atate ace akudzandira pa maliro ndi pa ukwati pomwe, kodi mowa anauphunzira ku yunivesiti? Ngakhale a bungwe la Pioneer, lija linayambidwa ndi Bambo James Cullen ku Dublin mu 1898, kawirikawiri timawasiyira okalamba, ngati kuti lonjezo la kusamwa liyenera munthu amene ciwindi cinatha kale.

Ndikulemba izi ndi manyazi, pakuti zinagwa m'nyumba mwathu. Mwana wa mlongo wanga anabwera pa chuti ca caka caciwiri ali woonda, m'mawa manja akunjenjemera pogwira kapu ya tiyi. Ine malume wace ndinaona, koma ndinati ndi kuwerenga kwambiri. Munthu wophunzira kundiposa ndikanam'funsa bwanji? Caka cacitatu anabwerako ndi cikwama cokha, wopanda pepala.

Lero amathandiza amace kugulitsa nthoci pa Nyimba. Basi ya ku Lusaka ikaima, amayamba wasuzumira pa mazenera, kuopa kuti mwina muli mnzace wa m'kalasi.