Kalata ya Abusa: Ndalama ya Wamasiye Ifike Yonse M'manja Mwake

Kwa akhristu a m'mipingo yathu yonse, kwa mafumu, kwa akuluakulu a boma, ndi kwa onse ofunira dziko lino zabwino.



Takulemberani m'miyezi ino ya njala, pamene nkhokwe zatha, chimanga sichinache m'munda, ndipo pamakomo ambiri moto ukuyaka kamodzi patsiku. Nkhani yathu ndi ya ndalama zimene boma ndi mabungwe amapereka m'manja mwa mabanja osaukitsitsa akumudzi, makamaka za Mtukula Pakhomo. Poyendera milaga ndi miphakati, pozonda odwala ndi poika maliro, timaona chimene ndalamayi imachita pakhomo ikafika yonse ndi pa nthawi yake. Timaonanso manja amene amaipungula isanafike.

Ndondomekoyi inayamba moyesera ku Mchinji mu 2006 ndi thandizo la UNICEF, ndipo pofika 2018 inali itafalikira m'maboma onse 28. Sitenga wosauka aliyense, pakuti osauka m'dziko muno ndi theka la mtundu wonse. Imasankha pafupifupi khomo limodzi pa makomo 10 alionse, khomo limene umphawi wafika posauzana komanso palibe wamphamvu zogwira khasu: gogo amene anaika ana ake m'manda n'kutsala ndi zidzukulu, munthu wolumala, wodwala matenda amgonagona, mwana amene wasanduka kholo la abale ake. Pamene pali ana a sukulu pamakhala kena kowonjezera. Ndalamayo ndi yochepa, ndipo wolandira salamulidwa choti agule.

Pamenepa ndi pamene ena amavutika napo, ngakhale m'mipingo mwathu momwe. Amati wosauka ukampatsa ndalama m'manja akamwera kachasu, kapena aiwala khasu. Mawu otere savuta kunena ngati sunagonepo ndi njala. Taganizirani mayi wolera yekha ana anayi, mwezi wa Disembala. Udzu wamera m'munda mwake, koma m'nyumba mulibe ufa. Amasiya munda wake n'kukapalira wa mnzake pa ganyu, kuti madzulo abwere ndi kambale ka ufa kapena ka madeya. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Pamene azibwerera kumunda kwake, chimanga chachita chikasu, udzu wachipitirira, ndipo njala ya chaka chamawa yayamba kale. Mayiyu wagwira ntchito mbandakucha uliwonse, koma thukuta lake lagwera m'munda wa wina. Akakhala ndi ndalama yogulira ndowa ya chimanga, masiku amenewo amawathera m'munda mwake, ndipo Epulo akafika ali n'choika m'nkhokwe. Ntchito yaikulu ya Mtukula Pakhomo ili pamenepa, ngakhale sionekera pa zithunzi za m'nyuzipepala.

Kafukufuku amene anachitika ku Salima ndi ku Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015, wa akatswiri a Centre for Social Research ya ku Zomba pamodzi ndi University of North Carolina ndi UNICEF, anapeza zomwe ifenso timaona. Mabanja olandira ankadya bwino kuposa kale, ana awo ambiri ankapita kusukulu, ndipo pakhomo pankaoneka nkhuku, mbuzi, makasu ndi zikwanje. Ndalamayo simathera pakhomo limodzi. Imapita kwa wachigayo, kwa telala wosoka yunifolomu, kwa mayi wogulitsa usipa pamsika, kwa mnyamata wakabaza amene wanyamula wodwala kupita naye kuchipatala. Palinso china chimene ife abusa timachiona pafupi kuposa ofufuza. Gogo amene ankachita manyazi kubwera kutchalitchi chifukwa chosowa sopo ndi chitenje chosang'ambika, lero amakhala pabenchi pamodzi ndi anzake, ndipo pamaliro amaponya yake yachipepeso ngati wina aliyense.

Komabe tisanamizane kuti ndalama yokha ithetsa umphawi. Ku Zomba, pa ndondomeko ina, mu 2008 ndi 2009, atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ambiri anakhalabe pasukulu, ena anachedwa kukwatiwa ndi kutenga pakati. Koma ofufuza atabwererako patapita zaka ziwiri ndalama zitaleka, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinali zitazimirira. Mabungwe ena monga GiveDirectly amapereka ndalama yambiri pakamodzi, yoti munthu n'kufolera nyumba ndi malata kapena kuyamba geni, ndipo tikuwayamika. Koma geni imafuna msewu ndi msika, munda umafuna mvula kapena mthirira, ndipo wodwala akapeza kuti kuchipatala kulibe mankhwala, ndalama yonse ya mwezi imathera kwa ogulitsa mankhwala. Boma lisayese kuti likapereka ndalamazi lamaliza udindo wake.

Tsono tinene za zimene zimaidya ndalamayi panjira.

Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pake namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje ndi Blantyre mu Marichi 2023, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mtengo wa chimanga umathamanga, ndalama ya wolandira ikukwawa pambuyo. Kuiwonjezera kusamadikire kuti anthu alire kaye. Kuzitsatira mtengo wa chimanga pamsika. Kuchedwa nakonso kumapweteka koposa mmene a m'maofesi amaganizira. Malipiro akadumpha miyezi, banja limathamangira kwa wakatapila, ndipo tsiku lolandira wakatapilayo amakhala atafika kale pamalopo, akudikira pansi pa mtengo. Gogo amabwerera kunyumba ndi theka lokha.

Inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, timakulemekezani, ndipo ambiri mwa inu mumateteza anthu anu. Tikudziwanso chimene chimakupanikizani: mudzi wa makomo 50 onse akulira njala, osankhidwa ndi 5 okha, ndipo otsalawo maso ali pa inu. Koma kulamula kuti wolandira agawane ndi mudzi wonse, kapena kuti apereke “ya amfumu” ndi “ya akomiti” kuti dzina lake lisafufutidwe, n'kulanda wamasiye. Kugawana ndi mwambo wathu wabwino pamene munthu wapereka ndi mtima wake. Ngati osowa achuluka m'mudzi mwanu, katuleni nkhaniyo kwa khansala ndi kwa bwanamkubwa, ndipo ife tidzapita nanu. Chimodzimodzi inu adzukulu amene mumasunga foni ndi nambala yachinsinsi ya agogo osadziwa kuwerenga, ndi inu otapitsa ndalama pafoni: Mulungu amawerenga ngakhale pamene agogo sangathe.

Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6, limatiuza kuti mu mpingo wa ku Yerusalemu munabuka dandaulo pa kagawidwe ka chakudya, chifukwa akazi amasiye a gulu lina ankadumphidwa. Atumwi sanaiyese nkhani yaing'ono. Anasonkhanitsa mpingo wonse, ndipo anthu anasankha poyera amuna 7 a mbiri yabwino kuti aziyang'anira ntchitoyo. Mayina a olandira nawonso aziwerengedwa pabwalo, mudzi wonse ukumva, ndipo wodandaula akhale ndi kokadandaula popanda kuopa. Andale tikuwauza mosapsatira mawu: ndalamayi sichokera m'thumba la phungu kapena la chipani. Woopseza anthu kuti akavotera kwina adzachotsedwa m'kaundula akunama, ndipo akuchimwira Mulungu.

Kwa abusa anzathu, ansembe, akatekisiti, akulu a mpingo ndi atsogoleri a zigwirizano za amayi, mawu athu ndi olimba. Tsiku lolandira lisasanduke tsiku lotolera zopereka. Pasapezeke wowerengera gogo chakhumi chake, kapena womtchula dzina paguwa kuti poti walandira asonkhe ya malata a tchalitchi. Akapereka mwa iye yekha, landirani mothokoza. Wolonjeza wamasiye kuti akabzala ndalama yake kwa mlaliki idzachulukitsidwa, ameneyo sitili naye limodzi.

Ndalama zambiri za ndondomekoyi zimachokera ku World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Tikuwathokoza abwenzi amenewa. Koma mu 2025 tinaona mmene thandizo la dziko la America linadulidwira mwadzidzidzi, ntchito zambiri zaumoyo n'kugwedezeka. Okalamba ndi ana amasiye a dziko lino ndi athu. Olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana bajeti onetsetsani kuti gawo la boma lathu likukula chaka ndi chaka, ndipo ndondomekoyi ikhale ndi lamulo loiteteza, kuti isamadalire amene ali pampando.

Inu amayi, abambo ndi agogo amene mumalandira, musachite manyazi. Ndalamayo ndi yanu. Ana adye, asajombe kusukulu, ndipo kakatsala kangachepe lowani nako banki m'khonde kapena gulani kankhuku. Abambo, kambiranani ndi amayi musanaigwiritse ntchito. Wina akakupemphani gawo mokuopsezani, kaneneni ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa bwanamkubwa, kapena bwerani kwa ife tikakuperekezeni.

Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe pa mapemphero m'mipingo yonse ndi m'milaga ndi m'miphakati momwe. Ikatha kuwerengedwa, mpingo uliwonse usankhe anthu awiri okhulupirika, mwamuna ndi mkazi, oti aziperekeza okalamba ndi olumala tsiku lolandira, kuwawerengera ndalama zawo pamaso pawo ndi kuwafikitsa kunyumba, osalandirapo kanthu.

Ambuye akusungeni kufikira masika.

Ife abusa anu mwa Khristu.