Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo

Olemekezeka a Nduna,

Dokotala akakayikira chotupa amadulako kamnofu n'kutumiza ku labotale. Kumeneko amakasenda mopyapyala, kukapaka utoto, kukaika pa kagalasi, kenaka katswiri amakaunika pa maikulosikopu kuti anene ngati ndi khansa. Akatswiri amenewa kuno kwathu ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mayi wa ku Chitipa amadikira zotsatira milungu ikutha, chotupa chikukulirakulira, m'dziko limene lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri.

N'chifukwa chake ndikulemba za AI, mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzitsidwa kuzindikira matenda pa zithunzi za timinofu. Pa mpikisano wa Camelyon16 umene unakonzedwa ku Netherlands mu 2016, mapulogalamu ena anaposa madokotala 11 opatsidwa nthawi yochepa pofufuza khansa ya m'mawere yofalikira ku mwanabere. Mu 2021 bungwe la FDA ku America linavomereza pulogalamu yotchedwa Paige Prostate kuti izithandiza akatswiri.

Ndikufuna luso limeneli lifike, koma lisafike mwachimbulimbuli. Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa, ndipo zambiri zinaphunzira pa odwala a ku Ulaya ndi ku America. Khansa ya Kaposi, ya Burkitt imene imagwira ana athu, ndi ya kummero, zinazionapo kangati? Ngakhale kusiyana kwa utoto pakati pa labotale ziwiri kumatha kuzisokoneza. Pulogalamu ikauza wodwala kuti alibe khansa pamene ali nayo, iye amabwerera kumudzi mtima uli m'malo, osadziwa kuti nthawi ikumuthera.

Poyambira tili napo. Labotale ya ku Kamuzu Central, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, yakhala ikujambula tigalasi ndi kukambirana zithunzizo pa intaneti ndi akatswiri a ku America.

Pempho langa, bwana, nali. Pulogalamu iliyonse iyambe yayesedwa pa timinofu ta Amalawi, akatswiri athu a ku yunivesite ya KUHeS akuyang'anira, boma lisanalipire ngakhale tambala. Zithunzi za odwala zisatuluke m'dziko popanda chilolezo. Wosaina zotsatira akhale dokotala. Ndipo mu bajeti ikubwerayi muikemo mankhwala a mu labotale, galimoto zonyamula timinofu kuchokera m'maboma, ndi maphunziro a anyamata ndi atsikana odzakonza tigalasito, pakuti kompyuta singaunike kamnofu kamene kaonongekera m'botolo ku chipatala cha boma.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa