"Zakumtundu" si mapeto a nkhani

Malume anga anagwa m'munda wa nandolo kwathu kufupi ndi Mbulumbuzi, khasu lili m'manja. Dzulo lake ankadandaula kuti pachifuwa pakuwathina. Anali asanakwanitse zaka 50. Pamaliro ena ankanong'ona kuti pali munthu wachitapo zake. Ena ankati, "Ndi zakumtundu izi, bambo awonso anapita chonchi. Palibe chimene tingachite." Ine ndikutsutsana ndi gulu lachiwirili. Kuti matenda a mtima amayenda m'banja, zimenezo ndi zoona. Koma zoti palibe chochita, ayi ndithu.

Tiyambe ndi majini. Kumudzi mukatchula mawu amenewa agogo aganiza za mizimu yogwira munthu, koma ku Biology tikunena timalangizo tolembedwa mu DNA, timene mumatengera kwa makolo anu. Majini ambiri ndi malangizo opangira ma enzyme, amene amaphwanya kapena kumanga zinthu m'thupi, monga mafuta, shuga ndi mankhwala amene mwamwa. Jini ikasiyana pang'ono chabe, enzyme yake ikhoza kugwira ntchito mopyola muyeso, mofooka, kapena osagwira n'komwe.

Chitsanzo ndi jini yotchedwa PCSK9. M'magazi mwanu mumayenda kolesterolo wa mtundu wa LDL. Akachuluka amakanirira m'makoma a mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa, mpaka tsiku lina mtsempha wodyetsa mtima n'kutsekeka. Chiwindi chili ndi timbedza timene timakola LDL n'kumuchotsa m'magazi. Ntchito ya PCSK9 ndi kuwononga timbedza timeneti. Ndiye ganizani: PCSK9 ikakhala yolusa, timbedza tichepa, LDL achuluka. Ikakhala yofooka, timbedza tichuluka, magazi ayera.

Mbali zonse ziwirizi zinapezekadi mwa anthu. Mu 2003 asayansi a ku Paris anapeza mabanja a ku France amene PCSK9 yawo inali yolusa, ndipo kolesterolo wawo anali wokwera kwambiri. Mu 2006 Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen a ku Dallas anafalitsa zotsatira za anthu akuda a ku America oposa 3,000 amene anawatsatira kwa zaka 15. Pafupifupi anthu 3 mwa 100 alionse anali ndi jini ya PCSK9 yosagwira ntchito. LDL wawo anali wotsika ndi 28 peresenti, ndipo chiopsezo chawo cha matenda otseka mitsempha ya mtima chinali chotsika ndi 88 peresenti. Mu 2007 kusintha kumodzi kwa jini yomweyi, kotchedwa C679X, kunapezekanso mwa amayi a ku Zimbabwe, pafupifupi 4 mwa 100 alionse. Zimbabwe si kutali. Pofika 2015 kunatuluka mankhwala otsekereza PCSK9, otengera mwayi umene anthu amenewa anabadwa nawo.

Mwaona? Zakumtundu si tsoka lokhalokha, muli ndi mwayi womwe. Ndipo ngakhale wotengera jini yoipa sanaweruzidwe. Jini imangokweza kapena kutsitsa chiopsezo. Fodya, mchere wambiri, kunenepa kwambiri ndi BP yosasamalidwa zimaonjezera pamwamba pake, ndipo zimenezi zili m'manja mwathu.

Wina anena kuti, "Aaa, zimenezo n'za kunja. Kuchipatala chathu chaching'ono ndani angandiyeze PCSK9?" Zoona, kuyeza majini si chinthu chimene mungachipeze kumudzi. Koma muli ndi zida ziwiri zosalira ndalama. Choyamba ndi mbiri ya banja lanu. Madokotala amatchera khutu akamva kuti bambo kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanafike 65. Chachiwiri ndi kuyezetsa BP, kumene kumatenga mphindi zochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Pofufuza mbiriyo pali msampha wina wa kwathu kuno. Ku Chiradzulu ambiri timawerenga mtundu kutsata kuchikazi. Mwana ndi wa kwa mayi ake, mwini mbumba ndi malume. Mwambo ndi umenewo, koma majini sadziwa za chikamwini. Theka munatenga kwa mayi, theka kwa bambo. Ngati mufunsa za kuchikazi kokha, mwawerenga theka la buku.

Choncho holide ikubwerayi tengani kope. Khalani pansi ndi agogo, azakhali ndi amalume, mbali zonse ziwiri. Funsani mwaulemu: ndani anadwala BP, shuga kapena sitiroko? Ndani anamwalira mwadzidzidzi, ali ndi zaka zingati? Jambulani mtengo wa banja ngati mmene mumachitira m'kalasi. Mukaona matenda omwewo akubwerezabwereza, limbikitsani akuluakuluwo kuti akayezetse ndipo akamuuze dokotala mbiriyo. Inuyo musayambe kusuta. Mchere usapyole magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, monga likulangizira bungwe la WHO. Wowerengedwa ndi wonse, ngakhale uja timathira pa chiwaya.

Ife tinachita zimenezi mochedwa, malume atapita kale. Titawaika m'manda, ndinawakakamiza mayi anga kuti akayezetse. Anakana kawiri, amvekere, "Ine sindikumva kuwawa paliponse." Ulendo wachitatu anapita, ndipo anawapeza ndi BP yokwera. Lero amamwa mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo munda wa nandolo uja akulima ndi iwo.