Kodi mayeso a ophunzira zachipatala amayesa chiyani?

Lilongwe, Mana: Mayi akafika pa chipatala cha Kabudula usiku ndi mwana wotentha thupi amene wakomoka, safunsa kuti wachipatala amene wamupeza adakhoza bwanji mayeso. Komabe moyo wa mwanayo umadalira, mwa zina, mtundu wa mafunso amene wachipatalayo adayankha asanapatsidwe chilolezo chogwira ntchito.

Nkhaniyi ndi yofunika m'madera a Nsaru, Mpingu ndi Nambuma kumene wodwala amayamba waonedwa ndi wachipatala mmodzi, nthawi zambiri wopanda wamkulu woti amufunse nzeru, asanatumizidwe ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe.

Sukulu ya udotolo ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Ma clinical officer ndi ma medical assistant ambiri amene amagwira ntchito m'zipatala za kumidzi amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Ophunzira akachuluka pamene aphunzitsi ali ochepa, njira yofulumira kuchonga ndi ya mafunso osankhapo yankho limodzi.

Mafunso oterewa ali ndi ubwino wake. Pa maola awiri wophunzira angathe kufunsidwa za matenda ambirimbiri, ndipo wochonga sangakondere chifukwa yankho ndi lodziwika kale. Vuto ndi lakuti yankho loona limakhala lili pa pepala pomwepo. Pa funso la mayankho asanu, woyankha mongoganizira ali ndi mwayi umodzi mwa isanu wokhoza. Pa funso la "zoona kapena zabodza" mwayiwo ndi theka. N'chifukwa chake sukulu zambiri za udotolo zidasiya mafunso a zoona kapena zabodza n'kuyamba kupereka nkhani ya wodwala, wophunzira n'kusankha yankho loposa onse.

Ngakhale zili choncho, mwana wa ku Kabudula uja sabwera ndi mndandanda wa matenda asanu. Magazi ake angaonetse malungo, koma ana ambiri kuno amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale chimene chikuwadwalitsa chili china. Wachipatala ayenera kukumbukira yekha kuti mwina ndi matenda oumitsa khosi, ndiponso kuti shuga wa m'magazi angakhale atatsika, osangobaya jakisoni wa artesunate n'kukhala pansi. Pa pepala, mawu akuti "matenda oumitsa khosi" amamukumbutsa. Usiku m'chipinda cha odwala palibe womukumbutsa.

Mafunso olemba nkhani yaitali, amene akuluakulu ambiri amawakhulupirirabe, amaonetsa mmene wophunzira amaganizira, koma amakhudza mitu yochepa, ndipo aphunzitsi awiri angapereke malikisi osiyana pa pepala limodzi. Wodziwa Chingerezi bwino amapindulanso kuposa wodziwa mankhwala. Pakatikati pali mafunso oyankha ndi liwu limodzi kapena mawu ochepa popanda chosankhapo. Kafukufuku wa ku Imperial College London adaonetsa kuti ophunzira amapeza malikisi ochepa pa mafunso oterewa kusiyana ndi pamene funso lomwelo lili ndi mayankho osankha. Kunena zoona, njirayi njoyenera kuiganizira mozama kuno kwathu chifukwa safuna zipangizo zodula.

Katswiri wa ku America, George Miller, adafotokoza mu 1990 kuti kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa mmene chimachitikira ndi kuchichita pa ntchito ndi magawo anayi osiyana. Mayeso olemba amathera pa magawo awiri oyambawo.

Gawo lachitatu ndi limene mayeso otchedwa OSCE amayesa. Mayesowa adawayambitsa Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, Scotland, ndipo adalembedwa koyamba mu 1975. Wophunzira amayenda m'zipinda zingapo, mphindi zochepa m'chipinda chilichonse: pena kufunsa wodwala, pena kumupima, pena kuika diripi pa chidole, woyesa akuchonga pa mndandanda. Kamuzu College of Nursing idagwiritsa ntchito njirayi poyesa anamwino. Ndi yodula, pakuti imafuna oyesa ambiri, zipinda, zipangizo ndi anthu oyerekeza kudwala.

Pali chinanso chimene mapepala a Chingerezi sangachione. Mayi wa ku Nsaru sanena dzina la matenda. Amati mwana ali ndi mauka, kapena kuti wangofooka kuyambira dzulo. Ndi m'malo ngati chipinda cha OSCE, woyerekeza kudwalayo akamalankhula Chichewa, mmene woyesa angaone ngati wophunzira akudziwa funso lotsatira loti amufunse mayiyo.